Chifukwa Chiyani Msuku Umakana Pakhomo?

Funso: Ndine mlimi wa ku Dedza. Chaka chatha ndinasankha masuku okoma kwambiri, njere zake n'kuziyanika bwinobwino, ndipo mu Febuluwale ndinazifesa m'machubu momwe ndimafesera bulugamu. Zinamera zowerengeka, nazonso masamba anachita chikasu mpaka zonse zinauma. Komanso m'munda mwa malume anga muli msuku waukulu umene chiyambire sunaberekepo ngakhale suku limodzi. Akuluakulu kwathu amati msuku sudzalidwa ndi munthu, umamera wokha. Kodi ndi zoona, kapena pali pamene ndikulakwitsa?

Yankho: Bambo, akuluakulu akwanuwo sananame, koma mawu awo amafunika kuwamasula. Msuku umadzalika ndithu. Vuto ndi lakuti timausamalira ngati bulugamu kapena keshya, mitengo yobwera imene siivuta m'chubu, pomwe msuku moyo wake wonse unamangika pa zinthu za m'tchire: bowa wa m'nthaka, msuku unzake, tizilombo tonyamula mungu, ngakhalenso moto. Mukauchotsa pakati pa zimenezi umanyentchera. Njere zosamera, mbande zachikasu ndi mtengo wa malume ndi nkhani zitatu zosiyana, iliyonse ndi chifukwa chake.

Tiyambe ndi kuudziwa mtengowo. Akatswiri a zomera amauika msuku mu mtundu wa mitengo wotchedwa Uapaca, umene umapezeka mu Africa ndi pachilumba cha Madagascar basi. Dzinali analilemba ndi katswiri wa ku France, Henri Baillon, m'chaka cha 1858. Msuku wathu wodyedwawu ndi Uapaca kirkiana, dzina limene unalandira mu 1864 pokumbukira John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene ankatola zomera paulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi ndi Shire. Ndi Kirk yemweyu amene dzina lake lili pa mapiri a Kirk Range, cha ku Ntcheu ndi Neno. Ku Zambia zipatsozi amazitchanso masuku, ku Zimbabwe Ashona amati mazhanje.

Msuku uli ndi abale. M'nkhalango zathu zomwezi muli kasokolowe, Uapaca nitida, wa masamba ang'onoang'ono osalala, onyezimira, okhala pa timapesi tatitali, ndipo zipatso zake ndi zazing'ono, zodyedwa koma zosafika pa suku. Mulinso Uapaca sansibarica, wofanana ndi msuku moti ambiri sasiyanitsa. Abale ena anasankha moyo wa m'madzi: m'nkhalango za m'zithaphwi ndi m'mbali mwa mitsinje ku Zambia, ku Congo mpaka kumadzulo kwa Africa kuli mitundu imene mizu yake imayambira pathunthu, pamwamba pa nthaka, n'kumatsikira m'matope ngati mizati yochirikiza mtengo. Ku Madagascar kuli wina wotchedwa tapia, Uapaca bojeri, wa khungwa lochindikala losaopa moto, amene masamba ake amadyetsa mbozi zotulutsa ulusi wa silika umene anthu akumeneko amalukira nsalu zokutira maliro. Mitundu yonseyi, kaya ya m'phiri kaya ya m'matope, imafanana pa zinthu ziwiri zimene zakuvutitsani inu: mtengo wamwamuna ndi wamkazi zimakhala paderapadera, ndipo mizu yake imakhala limodzi ndi bowa.

Taonani kumene msuku umakonda. Simuupeza kudambo, pa dothi lamakande, kapena ku Chigwa cha Shire kumene kumalamulira masau ndi malambe. Umakonda m'mbali mwa mapiri ndi m'zitunda, pa dothi lamiyala, lamchenga kapena lofiira, losasunga madzi, losauka kwambiri moti chimanga chopanda feteleza sichingapatse kanthu. Dedza, Dzalanyama, Ntcheu, Malosa, Chimaliro ku Kasungu, Perekezi ku Mzimba: konseku ndi nkhalango za miombo, kumene msuku umakhala pamodzi ndi mitengo yotchedwa tsamba, mombo, mtondo ndi mchenga. Nkhalango za mtundu umenewu zimatenga malo pafupifupi masikweya kilomita 2.7 miliyoni, kuyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti, mtengo wa masamba akuluakulu chonchi, wobereka zipatso zotsekemera chaka ndi chaka, umapeza kuti chakudya pa dothi louma mtima chotero? Tifikako.

Za njere ndi zachidule. Munazipha poziyanika. Njere za chimanga, nyemba kapena bulugamu zimagona zikauma, n'kudzadzuka zikalawa chinyezi. Njere ya msuku sidziwa kugona. Ikauma yafa, ndipo ngakhale muisunge pamthunzi, pakangotha masabata ochepa mphamvu yomera imakhala itatsika kwambiri. M'tchire zimenezi sizivuta chifukwa masuku amapsa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Disembala, ena kufika Januwale, ndiye njere imagwera pansi mvula ili pakhomo. Anyani, apusi ndi nguluwe amadya zipatsozo n'kukataya njere patali, zina zitakutidwa kale ndi ndowe. Inu mwina munatola cha mu Disembala n'kufesa mu Febuluwale, mutaziotcha padzuwa. Zowerengeka zimene zinamerazo zinachita mwayi. Chofunika ndi kudya suku lero, kutsuka njere kuti zichoke zotsekemera zija zimene zimaitana nkhungu ndi nyerere, n'kufesa mawa kapena mkati mwa sabata yomweyo, mosazamitsa, pamthunzi wa udzu wopyapyala. Suku limodzi limakhala ndi njere zitatu kapena zinayi, choncho mbewu siisowa.

Tsopano mbande zachikasu zija, pamene pagona nkhani yeniyeni.

Tsiku lina m'dzinja mukapite pansi pa msuku waukulu wa m'tchire. Mukasese masamba ouma aja, okhuthala, olira khwakhwakhwa mukawaponda, kenako mukapalase dothi ndi zala pang'onopang'ono kuzama ngati chikhatho. Mudzapeza timizu tating'ono kwambiri, ndipo mukatiyang'anitsitsa mudzaona kuti nsonga zake ndi zazifupi, zonenepa, zina zotuwa, zina zachikasu kapena zofiirira, ngati zavala kanthu. Pakati pa masamba owola mudzaona ulusi woyera wopyapyala ukuyenderera, ndipo dothilo limanunkhira bowa. Ulusi umenewo ndiye bowa weniweni. Chimene amayi amazula n'kuika m'lichero ndi chipatso chake chabe, chotuluka mvula ikagwa. Thupi lake limakhala pansi chaka chonse, litakulunga nsonga za mizu ya mitengo.

Awiriwa amasinthana. Mtengo uli ndi masamba, umapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo gawo lina umatsitsira kumizu kudyetsa bowa, amene sangathe kudzipangira chakudya. Bowa nayenso ali ndi ulusi wopyapyala kuposa muzu uliwonse, wolowa m'timing'alu ta dothi ndi m'masamba owola mmene muzu sungafike, ndipo amakoka madzi ndi michere, makamaka fosifolasi amene m'dothi lofiira la kumapiri amakhala womangika, n'kupereka kumtengo. Ndi chifukwa chake msuku umanenepa pa dothi limene chimanga chimalira. Ndi chifukwa chakenso manyame, utenga ndi bowa wina wambiri wa m'dzinja amamera pansi pa misuku, tsamba ndi mtondo, osati m'munda mwa chimanga kapena pansi pa mango. Nkhalango ikadulidwa yonse, bowa wotereyu amatha nayo, ndipo palibe amene anakwanitsa kumulima m'thumba la utuchi monga amachitira ndi bowa wa oyisitara. Utale ndi wosiyana: iye mnzake ndi chiswe, n'chifukwa chake amamera pachulu.

Ndiye taganizirani chubu chanu. Munatenga dothi la kudimba kapena la m'munda umene wakhala ukulimidwa zaka zambiri, mwina munasakaniza manyowa ndi mchenga wa kumtsinje. M'dothi lotero bowa wa msuku mulibe. Kambande kamamera ndi chakudya chimene chinali m'njere, kamatulutsa masamba awiri, anayi, kenako chakudyacho chikatha kamaima, masamba n'kuyamba chikasu. Ambiri akaona chonchi amathamangira feteleza kapena kuwonjezera madzi, ndipo apo ndiye amamalizitsa, pakuti mizu ya msuku siifuna kukhala m'madzi.

Mankhwala ake ndi otchipa moti anthu sakhulupirira. Katengeni dothi lapamwamba pansi pa misuku ikuluikulu, pamodzi ndi timizu ndi masamba owolawo, musakanize ndi mchenga pang'ono kuti madzi azidutsa, mudzazire m'machubu dothilo lisanaume. Musaliyanike padzuwa, musaliotche. Musakumbe dzenje pamtengo umodzi mpaka kuvula mizu. Tapani pang'ono apa, pang'ono apo. Nzeruyi si yachilendo kwa alangizi a zankhalango. Paini nayenso amadalira bowa wake, ndipo m'nthawi ya atsamunda, pamene ankayesa kumudzala koyamba ku Nyasaland, mbande zinkanyentchera mpaka atayamba kuthira dothi lochokera pansi pa paini wokhazikika. Mpaka lero anazale odziwa ntchito amasakaniza dothi la pansi pa paini m'machubu a paini. Chimene timaiwala ndi chakuti mitengo yathu ya chilengedwe nayo ili ndi zofuna zake, ndipo kwa zaka zambiri maphunziro a zankhalango kuno ankalimbikira mitengo yobwera yamatabwa ndi mapolo, ya m'tchire n'kumangoti imadzimerera.

Ngakhale mutachita zonse bwino, musayembekezere liwiro la bulugamu. Msuku chaka choyamba ndi chachiwiri umaoneka ngati waima, chifukwa ntchito yambiri imachitika pansi. Pookera, sankhani malo okwera osadikha madzi, kumene sikugwa chisanu choopsa cha mu Juni ndi Julayi, ndipo dothi la m'chubu lipite nawo m'dzenje losaphwanyika. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma mbande ya msuku yofesedwa Disembala uno siikhala itakhwima. Ndi bwino kuisunga kunazale mpaka mvula ya chaka chamawa itakhazikika. Mbuzi ndi moto ndiye adani ake oyamba ikafika kumunda.

Msuku wa malume anu, ndikukhulupirira kuti ndi wamwamuna. Mumadziwa papaya wamwamuna, amene amangochita maluwa osabereka. Misuku nayonso ili chimodzimodzi, ndipo mtundu wonse wa Uapaca ndi wotero. Mungatsimikize nokha pa nthawi ya maluwa, kuyambira cha mu Januwale mpaka Epulo. Maluwa a msuku sachita chidwi, ndi achikasu mobiriwira, obisala pakati pa masamba kunsonga za nthambi. Pamtengo wamwamuna mudzaona timipira tating'ono todzaza ndi timaluwa tambirimbiri ta mungu, tozunguliridwa ndi timasamba tachikasu, ndipo tikatha ntchito timayoyoka n'kuyala pansi. Pamtengo wamkazi, pakati pa timasamba tomweto pamakhala duwa limodzi lokha, lokhala ndi kamimba kobiriwira kamene kadzasanduke suku. Kuchokera pamenepo chipatso chimatenga miyezi yambiri, chilimwe chonse chili pamtengo, mpaka kudzapsa mvula ikuyandikira. Ngati pansi pa mtengo wa malume pamayoyoka timipira tija chaka chilichonse koma osaoneka suku, nkhani yatha, ndi wamwamuna. Ngati mutapeza kuti maluwa ake ndi aakazi, ndiye kuti unatsala wokha, amuna onse a pafupi anadulidwa, ndipo njuchi ndi tizilombo tina tilibe kotenga mungu.

Apa pali chinthu chimene chimandidandaulitsa. Anthu potsegula munda amasiya misuku yobereka, n'kugwetsa "yosabereka" kuti apeze nkhuni kapena makala. Poyamba sizioneka vuto chifukwa nkhalango ili pafupi. Nkhalangoyo ikatha, misuku yaikazi yotsala m'minda imayamba kubereka mwa apo ndi apo, anthu n'kumati mitengo yakalamba kapena nyengo yasintha. Nyengo yasinthadi, koma nthawi zina chasowa ndi mungu. Choncho auzeni malume asathamangire nkhwangwa. Mwina mtengo wawowo ndi umene ukuberekesa misuku ya m'minda yoyandikana nayo.

Vuto la kufesa njere lili pomwepa. Mbande siionetsa ngati ndi yaimuna kapena yaikazi mpaka itachita maluwa, ndipo msuku wochokera kunjere umatha zaka pafupifupi 10 usanayambe kubereka. Mwa mbande zanu, pafupifupi theka zidzakhala zazimuna. Ndiponso njere ya suku lokoma siilonjeza mtengo wa masuku okoma, poti bambo wake simukumudziwa. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti m'nkhalango imodzi muli mtengo wa masuku akuluakulu otsekemera umene ana amaulawirira m'mamawa, ndi wina wa masuku owawasa umene amangoudutsa.

Njira yodumphira zonsezi ndi kumezanitsa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za ulimi wa mitengo, pa malo a kafukufuku a Makoka ku Zomba, mogwirizana ndi anzawo a ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, anagwira ntchito yoweta mitengo ya zipatso za m'tchire, ndipo alimi atafunsidwa zipatso zimene amazikonda, masuku anali patsogolo. Ankayenda ndi anthu a m'midzi, ana omwe, kuti awalozere mitengo ya zipatso zabwino, n'kudula timphukira take kukalumikiza pa mbande za kunazale. Mtengo womezanitsa umakhala wamkazi mosakayikitsa, zipatso zake zimafanana ndi za mayi wake, ndipo umayamba kubereka patatha zaka zitatu kapena zinayi, ukadali waufupi. Sikuti zonse zinayenda myaa. Msuku ndi wovutirapo kumezanitsa kuposa mango, ndipo mitengo ina imagwirana poyamba koma n'kudzakanana polumikizira patapita nthawi. Komabe munthu amene anazolowera kumezanitsa mango kapena malalanje akhoza kuphunzira. Funsani mlangizi wa zankhalango wa dera lanu, kapena a bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba. Mukadzala yomezanitsa, musaiwale kusiya yaimuna ingapo pafupi.

Moto nawo uli ndi mbali yake, ndipo apa pali kafukufuku wakale. Mu 1933, ku Ndola m'dziko la Zambia, akatswiri anagawa nkhalango ya miombo m'zigawo: china ankachitentha kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse, china ankachitentha mochedwa cha mu Okutobala, china sankachitentha n'komwe. Katswiri wa zomera Colin Trapnell anafalitsa zotsatira zake mu 1959. Kumene ankatentha mochedwa chaka ndi chaka, mitengo ya gulu la tsamba ndi mtondo inatha pamwamba, kunatsala yolimba pamoto monga mlombwa ndi muula. Kumene ankatentha msanga, nkhalango inakhalabe. Misuku inapezeka pakatikati: waukulu umapirira moto wofatsa, koma moto wolusa wa mu Okutobala umapha mphukira ndi mbande, ndipo umawaula zipatso zimene zatsala pang'ono kupsa. Katswiri wina, R. M. Lawton, amene anafufuza nkhalango za kumpoto kwa Zambia, anaonetsanso kuti misuku ikamera mothithikana imachita mthunzi umene umafooketsa udzu, moto n'kuchepa mphamvu, ndipo pansi pakepo mbande za miombo zimapeza mpata wokula. Ndiye kuti msuku umalera nkhalango. Mukaona phiri limene linadulidwa kale lili ndi misuku yokhayokha yothinana, musaliyese tchire lachabe, nkhalango ikubwerera pamenepo.

Izi zikutifikitsa pa malangizo amene ine ndimawaika patsogolo pa machubu. Kwanu ku Dedza, minda yambiri ya m'mbali mwa mapiri inali nkhalango posachedwapa, ndipo zitsa za misuku zikadalimo. Chaka chilichonse zimaphukira, chaka chilichonse khasu limasadza. Chitsa chimenecho chili ndi mizu yakuya kale, chili ndi bowa wake kale, chinazolowera dothi la pamalopo. Mukasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina n'kuchotsa, n'kulambula udzu mozungulira moto usanafike, mudzaona kukula kumene mbande ya m'chubu singakufike. Msuku umatulutsanso ana kuchokera kumizu, pataliko ndi tsinde, ndipo anawa amatenga chikhalidwe cha mayi wawo: ngati mayiyo ndi wamkazi wa zipatso zokoma, nawonso adzatero. Pa mphukira za chitsa chimene simukuchidziwa mungathe kumezanitsapo kanthambi ka mtengo wabwino pomwepo m'munda. Lamulo la zankhalango la 1997 limapereka mwayi woti mudzi ukhale ndi nkhalango yakeyake pansi pa mfumu ndi komiti, ndipo m'midzi imene anagwirizana zoletsa kudula ndi kutentha mochedwa, misuku imabwerera popanda kugula chubu n'chimodzi chomwe.

Kakololedwe nako kakuwononga. Kale masuku ankatoledwa pansi, atagwa okha. Masiku ano, poti pamsewu wa M1 ndi m'misika ya m'tauni muli ndalama, anthu amakwapula mitengo ndi miyala ikuluikulu kapena zipika kuti agwe osapsa, n'kukawavundika. Mukayang'ana thunthu la msuku wa pafupi ndi mudzi mudzaona zipsera zotupa pa msinkhu wa chifuwa cha munthu. Pamenepo ndi polowera matenda ndi tizilombo tofukula mtengo. Masuku ovundika sakomanso ngati akupsera pamtengo, ogula amadziwa, ndipo njere zake si zabwino kufesa. Inu mukafuna mbewu, tolani suku lakugwa lokha, lofewa mukalisindikiza ndi chala.

Chaka chino chitani zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mu Novembala kapena Disembala fesani njere zatsopano m'dothi la pansi pa misuku, zambiri kuposa mitengo imene mukufuna, kuti zina zidzakhale zomezanitsapo. Ndipo musanayambe kusosa, yendani m'munda mwanu ndi m'malire mwake, muike chizindikiro pa chitsa chilichonse cha msuku chimene chikuphukira, muwauze olima nawo kuti pamenepo khasu lilambalale. Mu Febuluwale mukaone maluwa a mtengo wa malume.